Kambale ka Mchere

Makiyi a lole anandilanda tsiku limene ndinafika ku ntchito ndili wosangalala. M'mawa umenewo ndinali nditadya mazira okazinga, buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri ndi tiyi wa shuga womveka, ndipo panjira panalibe amene anandiputa.

Ndimayendetsa lole ya kampani ina yogula nshawa, chimanga ndi thonje. Shedi yathu ili kumapeto kwa tauni ya Katete, koma ine malo anga ndi pamsewu: lero Sinda, mawa Vubwi kudzera ku Chadiza, mkuja midzi ya kuseri kwa mapiri kumene basi sifika. Misewu imeneyi ndaiyenda mpaka ndimadziwa dzenje lililonse ndi chaka chimene linabadwa. Anthu amati ndine wa mtima wapachala. Ine ndimati ndimangokamba msanga zimene ena amakamba mochedwa. Munthu akaimika ngolo ya ng'ombe pakati pa mlatho n'kuyamba kupereka moni kwa apongozi ake, pamafunika wina womuuza, ndipo kawirikawiri winayo ndimakhala ine.

Chaka chimenecho abwana athu anayamba kuitana anamwino kuti azibwera ku shedi kudzatiyeza. Mchimwene wa abwanawo anali atagwa ndi sitiroko, ndiye kuchokera pamenepo aliyense wa mimba yaikulu ankamuyang'ana ndi nkhawa. Yanga inali yaikulu kuposa zonse pa shedipo, ndipo ndinkainyadira. Kwathu munthu akanenepa timati ntchito yamuyanja.

Anamwino anakhala pa matumba a chimanga n'kundimanga lamba pamkono. Makina analira, lamba n'kufinya. Anayang'ana manambala, anayang'ana ine, n'kuyambiranso.

"Atate, mwabwera mukuthamanga?"

"Ine kuthamanga ndinasiyira kusekondale."

"Mwakangana ndi munthu m'mawa uno?"

"Sindinapeze mpata."

Anzanga amene anali pamzere anaseka, koma anamwino sanaseke. Anafunsa ngati mutu umandipweteka kunkhongo, ngati mapazi amatupa madzulo, ngati ndimapuma mwawefuwefu ndikakwera pamwamba pa katundu kukamanga zingwe. Zonsezo zinali zoona. Ndinayankha kuti nsapato za masiku ano amazisoka zazing'ono.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri," anatero. "BP iyi si yoseka nayo, imatopetsa mtima. Mupite kuchipatala lero lomwe akakupatseni mankhwala. Mchere muchepetse kwambiri, zamafuta ndi shuga chimodzimodzi. Muziyenda pansi. Ndipo mkwiyowo muziugwira."

Posakhalitsa abwana anandiitana mu ofesi. Iwo ndi a m'tauni, amakamba chinyanja chosakaniza.

"Mdala, makiyi siyani apa pa tebulo. Sinifuna kumvela kuti mwagwa na lole pa chitunda ku Vubwi. Anesi azabwelanso pakapita miyezi iwili. BP ikatsika, makiyi ni yanu. Ikakana, tizakupasani nchito ya pa geti."

Pa geti. Ine, kutsegulira anzanga chipata kuti adutse ndi lole yanga. Ndinakamba zambiri mu ofesimo, zina sindingazilembe pano. Abwana anadikira mpaka mpweya utandithera, kenako anati, "Mwaona? BP ni yamene iyo."

Madzulo ndinauza akazi anga. Iwo ndi mayi wa chigwirizano ku mpingo wathu, munthu wosalankhula zambiri, koma chinthu akachigwira sachisiyira pakati. Ndinawapempha chinthu chimodzi: nkhaniyi isatuluke m'nyumba, makamaka isafike kumudzi. Kwathu kufupi ndi Mkaika, lole ija ndiyo dzina langa. Ndikamadutsa ndimaliza hutala, ndipo alongo anga aakulu amatuluka n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti ameneyo ndi mwana amene anamulera iwo. Sindikanalola kuti amve zoti mwanayo tsopano akuyenda wapansi ndipo akumeza mapiritsi ngati nkhalamba.

"Ndamva, abambo," anatero akazi anga. "Sindiuza munthu."

M'mawa mwake mchere unasowa m'nyumba. Mpaka lero sindidziwa kumene ankaubisa, ndipo musaganize kuti sindinafunefune. Anamwino anati tichepetse, akazi anga anamva kuti tisiye. Ndiwo zinkabwera ngati zaphikidwa ndi madzi a mvula. Ine munthu wozolowera nyama ya mbuzi yootcha ya pa Sinda, ija yoviika mu kamulu ka mchere ndi tsabola papepala, ndinapezeka ndikutafuna nyemba, bonongwe ndi chiwawa, masamba a maungu amene kale ndinkati ndi chakudya cha mbuziyo. Masiku oyamba ndinkadya mokalipa. Akazi anga ankangomvetsera, ndikamaliza n'kundiwonjezera chiwawa. Kenako anayamba kutendera ndiwo ndi nshawa zosinja, kuthira anyezi wambiri ndi tomato, kufinyira ndimu, ndipo lilime langa linayamba kuiwala pang'onopang'ono. Masambawo ankakagula okha m'mawa uliwonse kudimba la mkulu wina kumtsinje, ati a pamsika amakhala atafota.

Ku ntchito anandiika pa sikelo, kuyeza matumba a alimi. Amene anaganiza zimenezo sankandifunira zabwino. Palibe mlimi amene amakhulupirira sikelo. Mdala wina anabwera ndi nshawa pa ngolo n'kundiuza kuti sikelo yathu imadya, kwawo atayeza ndi chidebe zinali zambiri. Ndinamuuza kuti akagulitse kwa chidebecho. Iye anayankha, inenso ndinayankha, mpaka abwana anamva ali mu ofesi chitseko chili chotseka. Tsiku lomwelo anandichotsa pa sikelo n'kundipatsa ntchito yosoka matumba, kumene woti n'kukangana naye ndi singano yokha.

Chimene chinkandiwawa kuposa ndiwo ndi kumva lole yanga ikutuluka ndi dalaivala wobwereka. Ankasintha magiya ngati akuthyola nkhuni. Ndinkasiya singano n'kumvetsera mpaka atafika pa tala, kenako n'kusoka thumba lotsatira mwamphamvu moti ulusi unkaduka.

Abwana sanalekere pa ine ndekha. Masana tisanadye, tonse tinkazungulira shedi wapansi, iwo patsogolo atavala nsapato zamasewera. Mabotolo a zakumwa zotsekemera anachoka mu ofesi, m'malo mwake munabwera chigubu cha madzi ndi mkoko wa nthochi. Lachisanu lililonse tinkakwera pa sikelo ya nshawa mmodzimmodzi ngati matumba. Mayi wina wa mu ofesi, Mbemba, amene timanyozana naye mwachibale monga achitira anthu a kum'mawa ndi Abemba, ndiye ankalengeza.

"A mbuya, mwatsika. Mbeba zija munadya zayamba kutuluka m'mitsempha."

"Inu kwerani tione anyani amene munameza kwanu."

Ndinkapita ku ntchito wapansi ndi kubwerera wapansi. Anthu a njinga zonyamula anthu ankandiimira n'kufunsa, "Bosi, lole yafa?" Ndinkawayankha. Njira yanga yoyamba inkadutsa pamene azimayi amakazinga zitumbuwa, ndipo fungo lija linali mayesero aakulu, ndiye ndinasintha n'kumazungulira kuseri kwa msika, njira yotalikirapo. Lamba wa thalauzi anasuntha bowo limodzi, kenako lina, ndipo nsapato zija zinayamba kukulanso zokha.

Zinthu zikuyenda choncho, alongo anga anatulukira. Anali atamaliza kukolola, ndiye anati abwere adzapumeko kunyumba kwathu m'tauni. Anafika ndi thumba la mbatata ndi nkhuku yomanga miyendo. Pa dziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene sindinamukwezerepo mawu, ndi iwowa. Amayi athu anamwalira ndili wamng'ono. Amene anandisambitsa, kundikwapula ndi kundithamangitsira kusukulu ndi alongowa, ndipo mpaka lero amanditchula kuti iwe, ngakhale ndili ndi imvi.

Pa chakudya choyamba akazi anga anagwada n'kuika kambale kakang'ono ka mchere pambali pa alongo.

"Alamu, m'ndiwomu sindinathire. Thirani nokha."

Alongo anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene wamva zonse. Ine sindinaganize kanthu, ndinangokayang'ana kambaleko ndi nsanje. Ndinakhalitsa m'tauni moti ndinali nditaiwala mwambo umene aliyense wakumudzi amaudziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amapempha wina amuthirire. Ndipo mkazi akakhala kuti wayenda ndi mwamuna wina, ndiye mchere amauopa koposa, chifukwa amati akathira amadula mwamuna wake. Munthu wodulidwa amatupa mapazi, pachifuwa pamamupweteka, amaonda. Matendawo timati mdulo.

Sabata yoyamba alongo anathira okha popanda funso. Yotsatira anayamba kumanyamula kambale kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Pambuyo pake ankathira maso ali pa akazi anga. Mwezi wa munthu sukhala wotalika chotero, ndipo iwo ankadziwa.

Tsiku lina anandipeza pakhonde nditasanjika miyendo pa kampando.

"Iwe, mapaziwo atupa?"

"Anatupa kale, alongo. Pano ali bwino."

"Nanga pachifuwa?"

"Pankandithina ndikakwera chitunda. Zinatha."

"Waonda."

"Ndi ntchito."

"Ntchito yanji? Lole sindinaione chibwerere."

"Ili ku galaji."

"Ohoo," anatero. Kenako anafunsa, "Mlamu wangayu amapita kuti m'mawa uliwonse atavala chitenje chabwino?"

"Kudimba."

"Dimba la mkazi?"

"La mwamuna."

"Ohoo."

Wina akanamva kumene nkhani ikupita. Ine maganizo anga onse anali pa makiyi.

Tsiku loti anamwino abwerenso ndinadzuka nditakonzeka ngati wopita kukalemba mayeso. Anali atatiuza kuti pa tsikulo tisathamange, tisamwe tiyi wamphamvu, tisakangane ndi munthu. Ndinameza piritsi langa kuchipinda, ndinavala shati yoyera, n'kutuluka ndikuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi. Pakhonde ndinapeza amalume atakhala pa mpando wanga, atavala jekete, chipewa chili pabondo. Amalumewa ndiwo ankhoswe a ukwati wathu, ndipo savala jekete popanda mlandu. Alongo anali atawaimbira foni, iwo n'kukwera basi yoyamba. Akazi anga anali pamphasa, atayang'ana pansi.

Tinapatsana moni wautali. Anafunsa za ana, za zokolola, za msewu wa ku Chadiza ngati anaukonza. Ine ndikungoona dzuwa likukwera.

"Mphwanga, khala pansi," anatero amalume. "Alongo ako ali ndi mawu."

Alongo anakonza chitenje.

"Amalume, ine sindinabwere kudzapasula banja. Koma mwana uyu ndinamulera ine. Chibwerere pano, mlamu wangayu sanagwirepo mchere. Mwanayu mapazi anatupa, pachifuwa pamamuthina, waonda, ntchito yamukanika. Ndipo m'mawa uliwonse kuli mwamuna wa kudimba amene amapereka mbasela. Dzulo ndinaona ndi maso anga, mtolo wonse wa chiwawa waulere. Ine ndikufunsa chabe: mchere akuuopa chifukwa chiyani?"

Apa m'pamene ndinamva zimene ankatanthauza. Mtsempha wa pakhosi unkagunda pa kolala ya shati. Mawu anali atafika kale palilime, ambiri, okwanira alongo, amalume ndi mudzi wonse. Koma pamodzi ndi mawuwo ndinaona geti ya ku shedi, ine nditaima pambali pake ndi chibonga cha mlonda, dalaivala wobwereka uja akudutsa ndi lole yanga n'kundilizira hutala. Ndikanakalipa pakhonde paja, makina a anamwino akanadziwa. Makina aja sanyengereka.

Ndinapuma monga anatiphunzitsira ku ntchito, kukoka mpweya ndi mphuno, kutulutsa ndi pakamwa, pang'onopang'ono. Amalume anandiyang'ana modabwa.

"Mwaona, amalume?" anatero alongo. "Ndi kupuma komwe kukumuvuta."

Akazi anga anadzutsa mutu. Sanayang'ane alongo, anayang'ana ine.

"Abambo, munati ndisauze munthu. Ndiye ndikhale chete, kapena mukamba nokha?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kapaketi ka mapiritsi m'nsapato ya kutchalitchi mmene ndinkabisa, n'kudzakaika pa kampando pamaso pa onse.

"Alongo, mkaziyu alibe mlandu. Ndili ndi BP. Mchere anandiletsa kuchipatala. Lole siili ku galaji, anandilanda makiyi mpaka BP itatsika, ndipo lero ndilo tsiku loyeza. Mukandipsetsa mtima m'mawa uno, mudzandipeza pa geti."

Ndinakamba motsitsa mawu, moti ndekha sindinadzizindikire.

Amalume anatenga kapaketi kaja, anakatalikitsa kumaso, anakabweretsa pafupi. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kena kofanana ndendende, kokwinyikakwinyika.

"Anga ndi awa," anatero. "Inenso mchere anandiletsa kalekale. Kunyumba amandiphikira zozizira tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene anaitanitsa ankhoswe. Mukanandiuza pafoni, jeketeyi sindikanaisita."

Alongo sagonja msanga.

"Nanga wa kudimba uja?"

"Alamu," anatero akazi anga mofatsa, "aja ndi mkulu wa mpingo. Mano anawathera, ndipo amayendera ndodo. Mbasela amapatsa aliyense amene wapirira kumvetsera nkhani ya nyamakazi yawo."

Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi. Amalume anatsatira, chipewa n'kugwa pabondo. Akazi anga anabisa pakamwa ndi chitenje. Alongo, nkhope ili gwa, anati, "Nanga inu anthu a m'tauni, munthu akadwala simunena bwanji? Mumangoika mchere m'kambale ngati kuti kulibe mwambo." Atatero anasendera pamphasa n'kugwira dzanja la mlamu wawo ndi manja awiri. Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo akazi anga anakulandira.

Ndinayenda kupita ku shedi osafulumira, ngakhale ndinali nditachedwa. Amalume anandiperekeza, ati nawonso akayezetse, jekete isavalidwe pachabe. Tinafika mzere uli pafupi kutha.

"A mbuya, timayesa mwathawira ku Mozambique," anatero Mbemba uja.

Yankho lake ndinamusungira tsiku lina.

Anamwino anandiuza kuti ndikhale kaye pa thumba ndipume. Kenako anandimanga lamba uja.

"Atate, mwakangana ndi munthu m'mawa uno?"

"Mpata unalipo waukulu. Ndinausiya."

Makina analira. Anayang'ana manambala, n'kuyambiranso monga tsiku lija. Kenako anamwetulira.

"Yatsika. Sinafike pamene ndimafuna, koma yatsika bwino. Mankhwala musasiye ngakhale mukumva bwino m'thupi. Kuyenda musasiye. Ndipo amene akukuphikirani mukawathokoze."

Abwana anali ataima pakhomo la ofesi. Anangoponya makiyi, ine n'kuwawakha ndi dzanja limodzi. Amalume anayezedwa pambuyo panga, ndipo yawo inapezeka yokwera kuposa yanga. Anati ndi chifukwa cha mlandu umene anaukonzekera njira yonse m'basi osaupeza.

Ulendo wanga woyamba unali wokatenga nshawa ku midzi ya kwathu, ndiye ndinapempha abwana kuti ndinyamule alongo ndikawasiye. Anakhala kutsogolo, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana anthu a m'njira ngati lole ndi yawo. Pakati pathu panali kontena ya chakudya changa: nyemba, chiwawa chotendera, kamtanda kamodzi ka mgaiwa ndi nthochi. Titaima pamthunzi kuti ndidye, alongo analawa nyemba n'kukwinya nkhope. Anayang'ana uku ndi uku, anamasula mfundo ya pakona pa chitenje, n'kutulutsa kapepala kokulunga mchere.

"Thira pang'ono chabe," ananong'ona. "Mlamu sakuona."

"Alongo," ndinatero, "ndiye kuti wofuna kundidula ndinu."

Anandimenya paphewa ngati kale, n'kumanganso mchere wawo. Nyemba zanga ndinadya momwemo. Titayandikira mudzi ndinayamba kuliza hutala kuchokera pa mlatho, ndipo iwo anatulutsa mutu pawindo kuti aliyense aone amene ali m'katimo.